Kholo Lobwereka la pa Geti

Dalitso, usathawe. Khala pa mpando womwewo, sugwa, uli ndi misomali yambiri kuposa matabwa. Enanu musaseke, aliyense wa inu tsiku lake likubwera. Mbale wanuyu wandipeza kuseri ndikuyanika zovala, n'kuyamba kundithandiza osapemphedwa, ndipo ndadziwiratu kuti pali nkhani. Kenako wandinong'oneza kuti kusukulu akufuna kholo Lachisanu, ndiye ndipite ine, amake asamve. Akuti ndivale chitenje changa cha kutchalitchi, ndikangogwedeza mutu basi.

Wasankha munthu woyenera, zimenezo sindikana. Mu komboni yonse ya Kanyama munalibe woidziwa ntchito imeneyo kuposa ine. Koma ndisanamuyankhe, mumve kaye mmene ndinaisiyira.

Inu ana a masiku ano kubisa kanthu simungathe, chifukwa sukulu yanu imakhala m'foni ya amayi anu. Mukayetsemula m'kalasi, uthenga wafika kale kunyumba. Sabata yatha anandionetsa chithunzi cha mbale wanu Tiyanjane atanyamula pepala la ulemu chifukwa chofika msanga kusukulu. Kufika msanga! Sukulu yake ili kuseri kwa chimbudzi chathu. Uthenga wa Lachisanuwu nawonso unabwera m'foni momwemo, kungoti Dalitso anaibwereka kuti aonere mpira, ndipo pobweza uthengawo unali utasowa. Kale tinalibe zofufuta, chifukwa kunalibe cholembedwa.

Ndanama. Poyamba chinalipo. Ine ndinabwera kuno kuchokera ku Katete ndili ndi pathupi pa Misozi, amayi anu aja. Ndinakwera basi ndi nkhuku imodzi, mphika ndi mtondo. Mtondowo kondakitala anaukana, ndinakangana naye mpaka pa mlatho wa Luangwa, kenako iye mwini anaukhalira mpaka ku Lusaka. Agogo anu aamuna anali kugwira ntchito pa fakitale ya misomali ndi waya ku Indasitiriyo, ankapita wapansi atavala ovolosi, n'kubwera ndi buledi kukhwapa. Masiku amenewo sukulu inkapereka makope ndi mapensulo, ndipo pakutha pa temu mwana ankabwera ndi lipoti la pepala lolimba, lodindidwa. Kunkabweranso makalata a makolo, osindikizidwa pa makina opukusa ndi dzanja, onunkha inki. Ine sukulu ndinangoilawa, choncho agogo anu ndiwo ankawerenga. Ankawerenga mokweza m'Chingerezi kuti oyandikana nafe amve, kenako n'kundimasulira mwachidule kuti, "Akuti zonse zili bwino."

Kenako zinthu zinayamba kusowa chimodzichimodzi, mopanda kutsazika. Shuga, sopo, mafuta ophikira amene tinkati saladi, unga. Ukaona mzere unkayamba waima kaye, kufunsa kuti akugulitsa chiyani n'kwapambuyo. Tsiku lina ndinaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu ndikuyembekeza sopo, ndinabwera ndi zingwe za nyale. Nyale tinalibe, koma zingwezo ndinagula, munthu sungaime pachabe.

Kusukulu nakonso mapepala anatha. Makina aja anawafunditsa nsalu pakona ya ofesi ngati maliro. Madesiki anathyoka, ana ankabwera ndi njerwa zokhalira, ndipo anachuluka mpaka sukulu inawagawa patatu, ena m'mawa, ena masana, ena dzuwa litapendeka. Malipoti anathera pomwepo. Tsiku lotsekera aphunzitsi ankangowerenga manambala pakamwa, ndiye mwana aliyense wa mu Kanyama ankafika kunyumba atapasa nambala fili. Nambala wanu palibe akanakhulupirira, thu inali pafupi kwambiri ndi wanu, koma fili inali yabwino, yosadzutsa mafunso. Mumsewu wathu wokha munali ana asanu ndi awiri a kalasi imodzi, onse nambala fili.

Pakati pa sukulu ndi nyumba panangotsala mawu amodzi okha, otumizidwa pakamwa pa mwana: "Mailo ubwele na makolo," ndiko kuti mawa ubwere ndi makolo. Mawu amenewo sankanenedwa pa zabwino. Ankatanthauza zenera losweka, ndewu, kapena kujomba. Kholo likawamva linkayamba lathyola kamtengo, kufunsa kunkabwera mwana atalira kale.

Nthawi imeneyo ine ndinali kugulitsa vitumbuwa pa geti ya sukulu, ndi mbaula yanga ya malasha ndi chiwaya chakuda. Ana ankanditchula amake vitumbuwa, dzina langa palibe ankalidziwa. Tsiku lina kamnyamata kena kanakhala pafupi ndi mbaula kakulira, osagula kanthu. Kanati kauzidwa kubwera ndi makolo, ndipo bambo ake amamenya ndi waya wamagetsi. Kanandionetsa msana. Ndinavula epuloni, ndinapukuta manja, ndinamanga duku bwinobwino, ndinakagwira dzanja n'kulowa nako mu ofesi. Zinayamba ndi chifundo, zimenezo ndikufuna muzidziwe.

Koma chifundo mu komboni sichibisika. Pasanathe mwezi ndinali ndi ana oposa a nkhuku yanga ya ku Katete ija. Ndalama sindinkalandira. Wina ankandigwirira malo pa mzere wa saladi, wina kunditungira madzi, wina kundibweretsera mapepala akale okulungira vitumbuwa. Ntchitoyo inali ndi kachitidwe kake. Ukalowa umayang'ana pansi. Aphunzitsi akamafotokoza umapukusa mutu n'kumati, "Kunyumba sitimuphunzitsa zotere." Akafika pakati umagwira khutu la mwanayo n'kulikoka, osati kwambiri, ndi la eni ake. Potsiriza umati, "Ndikamuona kunyumba," n'kutuluka naye mwaukali mpaka pa geti, aliyense n'kupita kwake.

A hedi anali munthu wamtali, wa jekete imodzi yotuwa ndi choko. Musaganize kuti anali wopusa. Tsiku lina anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mai, bana banu ni bangati kansi?"

"Mulungu anandikomera mtima, a hedi."

"Uyu ni Mulozi. Wa pa Mande uja anali Mubemba."

"Pa utsikana ndinayenda, a hedi."

Analemba m'buku lawo kuti kholo labwera. Akanatani? Makolo enieni anali pa mizere.

Ndinalinso ndi mnzanga pa ntchitoyi, a Sakala, wosoka nsapato. Iwo ankakhala kuseri kwa sukulu, pansi pa mtengo wa malubeni, pamene waya wa mpanda unabedwa n'kusiya mpata. Ine ndinali mayi wa kutsogolo, iwo bambo wa kumbuyo. Sitinkalandana makasitomala. Iwo njira yawo inali mbama imodzi yomveka, a hedi asanamalize n'kulankhula komwe.

Tsono pa sukulu yomweyo panali ana anga enieni awiri. Misozi anali giredi seveni, Yohane giredi faifi. Yohane ndi amalume anu a ku Katete aja, a ng'ombe. Ali mwana pakamwa pake sipankauma. Ankapempha mchere m'Chingerezi, ankatiuza maina a mitsinje ya kutali, ndipo temu iliyonse ankapasa nambala fili. Ndinkamupatsa chitumbuwa chachikulu. Misozi anali wachete. Ukamufunsa kuti kusukulu bwanji, ankati, "Bwino." Mayeso bwanji? "Bwino." Ankangokhala pakona n'kumayang'ana mapepala anga okulungira, ine n'kumamukalipira kuti akuwadetsa. Pa dzanja lake lamanja ali ndi chipsera, mukachione, anakwawira ku chiwaya ali khanda ndipo mafuta anamudonthera. Pa geti yanga sankadutsa. Ankalowera kumbuyo, pa mpata wa waya uja, ine n'kumati mwina n'chidule.

Chaka chimenecho, mvula itangotha, madzi akadali m'misewu, agogo anu anabwera kunyumba masana atanyamula ovolosi m'manja ndi bokosi la misomali pamutu. Fakitale inachepetsa anthu, ndipo misomaliyo ndiyo inali tsalani bwino. Kwa masabata awiri anakhoma chilichonse m'nyumba, chosweka ndi chosasweka chomwe. Mpando wakhalira Dalitsowo ndi wa nthawi imeneyo. Misomali itatha tinayamba kudya kamodzi patsiku.

Alongo awo a ku Katete anatumiza mawu kuti tiwapatse mwana mmodzi, akadye kumeneko n'kumathandiza kumunda. Anati za sukulu tikaona konko. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Sukulu ya kumeneko inali kutsidya kwa mtsinje, ndipo munthu amene akufuna manja kumunda satumiza manjawo kukagwira pensulo. Panali lole ya munthu wakwathu yonyamula salaula, zovala za kaunjika zija, yonyamuka Loweruka.

"Amake Misozi," anatero agogo anu, "wamutu atsale. Winayo apite."

Sitinakangane n'komwe. Wamutu tinkamudziwa, ankapempha mchere m'Chingerezi. Lolemba ndinamuitana Misozi n'kumuuza kuti Loweruka akupita kwa azakhali ake. Anandiyang'ana pang'ono, anati, "Chabwino," n'kupita kukatsuka mbale. Mtima unandipweteka, koma ndinadzitonthoza kuti mwana wa bwino bwino uyu kusiya sukulu sikumutayitsa kanthu. Ndinayamba kumusokera kachikwama ka thumba la unga. Lachitatu agogo anu anapita ku Kafue kukafunafuna ntchito, oti abwera Lachisanu madzulo kudzamutsazika.

Lachinayi, cha m'ma leveni, a Sakala anabwera pa geti kudzagula vitumbuwa. Sankabwerabwera kutsogolo. Anali atavala jekete yawo ya ntchito ya ubambo, ndipo nkhope inali yosokonezeka.

"Amake vitumbuwa, lelo naona malodza," anatero. "Kamwana kena kanibweleka. Nangena mu ofesi, ba hedi baimilila, banigwila chanza. Ine chanza! Nasokonezeka, nakamenya chabe mbama kamwana kaja, kaili ndiye nchito naziba."

"Kalakwa chiyani?"

"Kulibe! Ati ni nambala wanu pa magiredi seveni yonse, kuchokela kudala. Manje kanabweza buku ati kayenda kumunzi pa Satade. Ba hedi bakana, ati maina ya mayeso yayenda mailo, bafuna kholo lidinde chala kuti mwana azalemba. Nati nidinde ine, baniyangana bwino, ati imwe si ndimwe batate ba tunyamata tonse twa ndeo? Banipitikisa."

Ine ndinali kutembenuza vitumbuwa, ndinaseka nawo. Ndinati makolo ena ndi akhungu, mwana wotere n'kumutumiza kumudzi. Ndinaterodi, ndi pakamwa pangapa. Kenako ndinafunsa kuti ndi mwana wa ndani.

"Siniziba. Kamkazi kosakamba-kamba. Kali na chipsela apa," n'kuloza pa dzanja lamanja.

Ana inu, ndakhala ndikupsa ndi mafuta moyo wanga wonse, koma kutentha kwa tsiku limenelo kunali kwina. Ndinawapatsa a Sakala supuni m'manja, ndinati atembenuze. Epuloni sindinavule, duku sindinakonze, manja sindinapukute. Ndinazungulira mpanda ndikuthamanga, ndinamupeza Misozi akutuluka pa mpata wa waya, tsaya lili lotupa. Ndinamugwira dzanja la chipseralo mpaka mu ofesi.

A hedi atandiona anavula magalasi n'kutseka maso.

"Awe mai, lelo awe. Uyu mulekeni. Uyu si wamasewela."

"Uyu ndi wanga, a hedi."

"Bonse ni banu."

"Uyu ndinabala ndekha. Ndinabwera naye m'mimba kuchokera ku Katete."

"Wa Lachiwili uja munati munabalila pa njinga."

Ndinawaonetsa chipsera, ndinati mafuta ake ndi a chiwaya changa. Anati chipsera aliyense angachione n'kupeka nkhani. Ndinati ndikatenge reji, chiphaso changa cha boma, kunyumba. Anafunsa dzina la pa rejipo, ndinati Banda, iwo anati mwanayu ndi Mwale. Ndinati ameneyo ndi bambo ake, ali ku Kafue, abwera mawa madzulo. Anati maina amapita mawa m'mawa, ndipo bambo mmodzi amuona kale lero, wakwana.

"Mvelani mai," anatero, ndipo sanali kuseka. "Pa mazenela na ndeo nimakulekani, chifukwa vibe kanthu. Koma apa ni moyo wa mwana. Nikalemba dzina pa chala chanu, elo bene bake bamutenga pa Satade, ninshi tachita chani? Nifuna munthu wamene angakambe kuti mwana sayenda, elo asayende zoona."

Ndinagwada. Mu ofesi imeneyo ndinali nditagwadamo kambirimbiri, moti maondo ankadziwa malo ake pa simenti. Ndinalira, koma kuliranso ndinali nditaliramo, ndipo a hedi anali atakuona konse. Ndinazindikira kuti chilichonse chimene mayi weniweni angachite, ine ndinali nditachigulitsa kale pa mtengo wa malo a pa mzere. Ndinalibe china chotsala choonetsa.

A hedi anatembenukira kwa Misozi.

"Iwe, aba ni bamai bako?"

Misozi anali atachoka pambali panga n'kukaima kukona, pafupi ndi makina ofunditsidwa nsalu aja, akuyang'ana pa zenera. Ndinati, "Misozi, yankha." Anangoweramitsa mutu, n'kubisa dzanja lachipsera kumbuyo. Kunja ana anali kuimba matebulo.

A hedi anatiyang'ana nthawi yaitali, iye, ine, iye. Kenako anavala magalasi.

"Nyamukani mai. Ni wanu."

Ndinafunsa kuti adziwa bwanji.

"Bonse bamene mumabwela nabo bamakukangamilani pa chitenge, amai, amai, kuti nimvele. Uyu waimilila kutali, elo amvela nsoni. Mwana samvelela nsoni mai wa bene."

Ndinapambana mlandu, ana inu, koma sindinamvepo mawu ondipweteka ngati amenewo. Umboni wokha woti ndine mayi wake unali woti mwana wanga ankachita nane manyazi.

Anatsegula buku lalikulu la manambala, limodzi la mabuku ochepa amene anatsala ndi mapepala pa sukulu yonse. Anawerenga temu ndi temu, kubwerera m'mbuyo mpaka giredi folo. Wanu, wanu, wanu, thu, wanu. Pa thu paja anati anadwala chikuku, ndipo ndinakumbukira kuti anadwaladi. Zaka zonsezo ine ndili pa geti, mtunda woti ukaponya chitumbuwa chikagwera pa khomo la ofesi. Atamaliza anandiyang'ana kuti ndinenepo kanthu. Ine mawu a nkhani yabwino ndinalibe, sindinawaphunzire. Pakamwa panangotuluka zimene panazolowera.

"Ndikamuona kunyumba."

"Mukamuone zoona, mai," anatero a hedi. "Papita nthawi."

Inki ya chidindo inali itauma, anadonthezerapo madzi. Chala changa chinali ndi mafuta, ndipo chinatuluka bwino kuposa cha aliyense. Ndisanatuluke ndinafunsa za Yohane Mwale wa giredi faifi. A hedi anaganiza pang'ono, anati, "Uja mwana wa bosoka nsapato?" Anati amamudziwa bwino, amabwera ndi bambo akewo kawiri pa mwezi. Nambala yake anandiuza, koma sindikuuzani, ndi amalume anu.

Pa geti ndinapeza vitumbuwa theka zapsa, theka zadyedwa, a Sakala akupukuta pakamwa. Ndinasenza mbaula, Misozi anatenga beseni, tinayamba ulendo wa kunyumba tikudumpha zithaphwi. Ndinamufunsa chifukwa chake anabwereka bambo. Anati buku limene anabweza linali ndi dontho la mafuta pa chikuto, ndiye atamva kuti abwere ndi makolo anaganiza kuti ndi mlandu wa bukulo. Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze kuti amakhala nambala wanu.

"Munafunsa kuti bwanji, ninati bwino."

"Bwino ndi nambala?"

"Bana bonse banama manambala. Nikanakamba wanu, mukanati nanama kupambana bonse."

Tinayenda pang'ono. Ndinafunsa chomaliza, chimene ndinkachiopa, kuti bwanji sanabwere kwa ine, poti ndinali pa geti pomwepo.

"Imwe ndimwe amai ba aliyense," anatero, osakweza mawu. "Mukalasi bamaseka. Bamati ngati ufuna mai, yenda pa geti na pepala."

Sindinamukalipire. Mbaula inali kunditentha pamutu, ndinangoyendabe.

Agogo anu atabwera Lachisanu, opanda ntchito, ndinawafotokozera zonse. Pa nkhani yonseyo anatolapo chimodzi, choti wosoka nsapato wamenya mwana wawo. Anavula nsapato imodzi n'kupita nayo m'manja kukawafuna a Sakala. Anabwera patapita nthawi, nsapatoyo itasokedwa.

Loweruka lole inabwera, ndipo anakwera ndi Yohane, atanyamula kachikwama kamene ndinasokera mlongo wake. Iye anakondwa, anati sukulu inkamutopetsa, anakhala pamwamba pa mabelo n'kumatibayibitsa m'Chingerezi. Lero ali ndi ng'ombe, ngolo, ndi mimba yoposa ya tonsefe, ndipo amati tinamuchitira zabwino. Koma anali ndi zaka khumi zokha, ndipo ndinalira kuseri kwa nyumba. Sindikunena kuti tinachita chilungamo. Mphika unali wa anthu atatu, ife tinali anayi.

Ntchito ya ukholo ndinaitseka sabata yomweyo. Ana ankabwerabe ndi mapepala awo, ine n'kuwauza kuti ndinasiya kubala. Wa bambo a waya uja yekha ndi amene ndinapitiriza kumuperekeza, koma ndinkawauza a hedi zoona zake. Ndinawapemphanso a hedi kuti akakhala ndi mawu opita kwa makolo azindiuza ine, abwino ndi oipa omwe, chifukwa masana ndinkayenda ndi beseni m'makomo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anati poti ana onse ndi anga kale, palibe chovuta. Choncho ndinasanduka lipoti la sukulu, loyenda ndi miyendo. Kuwerenga sindinkadziwa, koma mutu unkasunga maina makumi awiri pa ulendo umodzi.

Poyamba zinkavuta. Ndikangoti, "Odi, ndatumidwa ndi a hedi," mayi wayamba kale kufunafuna kamtengo. Mayi wina anamumenya mwana wake ndisanamalize moni, ndiye nditanena kuti mwanayo wapambana masamu pa kalasi yonse, anaima ndi kamtengo m'manja, n'kunena kuti zikhale za mawa. Ndinaphunzira kuyambira patali, ndisanafike pakhomo, kukuwa kuti, "Ndi zabwino! Ndi zabwino!" Manambala fili anachepa mu Kanyama chaka chimenecho, ndipo ana ena sanandikhululukire mpaka lero. Wina ndi m'busa tsopano, tikakumana amandipatsa moni wa patali.

Misozi analemba mayeso, anapita ku sekondale, zotsalazo mukuzidziwa, ndi amene amagula mafoni mumafufutirawo mauthenga. Tsiku limene zotsatira zinatuluka anadutsa pa geti ya kutsogolo, anaima pa mbaula yanga, anatenga chitumbuwa osapempha n'kudya anzake akuona. Nkhani ya mu ofesi ija sitinaikambenso mpaka lero, ndipo mukamufunsa adzati bwino.

Ndiye Dalitso, yankho lako ndi ili. Lachisanu ndipita, ndipo chitenje cha kutchalitchi ndivala. Koma tipita ndi amako, ndipo uwauza wekha lero, akangofika. Chimene akutiitanira sindikuchidziwa, iwenso sukuchidziwa, chifukwa wandiuza wekha kuti unangoona mawu oti kholo ndi oti Lachisanu n'kufufuta osawerenga zotsalazo. Mwina ndi zenera. Mwina ndi zina. Zikakhala zenera, khutu lako ndi lathu lomwe, tikoka mmene tifunira.

Chimodzi chokha ndikupempha. Tikalowa mu ofesimo, ukaime pafupi ndi amako, ngakhale atavala zotani, ngakhale anzako akusuzumira pa zenera. Amako tsiku lija anaima kutali ndi ine, ndipo anali ndi chifukwa. Mtunda wake ndimaudziwabe. Ndi kuchokera pa mpando wakhalawo kufika pa chitseko icho, ndipo zaka zonsezi sindinamalize kuuyenda.